Piritsi Silifunsa Ngati Mwadya

Kachitatu pa sabata imodzi, a Kalipentala anabwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, akudzandira, thukuta lili kamukamu, mawu akukokeka. Akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde, anaimitsa makina n'kuwanunkhiza pakamwa. Fungo la mowa panalibe.

"Alamu, musawaikire kumbuyo," anatero wometa tsitsi wa pafupi ndi shopu ya bambowo, yemwe anawaperekeza. "Munthu wa shuga n'kumalawa m'mawa? Lero akanadzidula chala ndi sowo."

"Mowa anasiya mwana wathu woyamba asanamere mano," anayankha mayiwo.

Chichokereni kuchipatala kumene anawapeza ndi matenda a shuga, mayiwo anawagwira dzanja amuna awo pa kadyedwe. Shuga anamubisa m'kabati. Chakudya cha m'mawa anachithetsa, poganiza kuti kudya pang'ono ndiko kuchira. M'mawa uliwonse ankawapatsa piritsi ndi kapu ya madzi, bambowo n'kunyamuka. Nanga tsopano chalakwika n'chiyani? Anavundikira makina ndi nsalu n'kupita nawo kuchipatala.

Namwino anawabaya bambowo pachala, n'kuyang'ana kamakina koyezera shuga. Anasungunula masupuni atatu a shuga m'madzi n'kuwamwetsa.

"Mayo ine! Mukuwapha!" anakuwa mayiwo.

"Khalani pansi, mayi. Shuga wawo watsika kwambiri. Adya chiyani lero?"

"Piritsi basi."

Patapita mphindi khumi ndi zisanu, maso a bambowo anayera, manja anasiya kunjenjemera. Namwino anawapatsa buledi, kenako anatenga pepala n'kujambula kabwalo.

"Kuseri kwa chifu kuli kapamba," anatero. "M'menemo muli timaselo tosunga insulini, imene imachotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'minofu kuti akhale mphamvu. Kaselo kalikonse kali ndi timakomo. Munthu akadya, shuga amalowa m'kaselo n'kukapatsa mphamvu, ndipo mphamvuyo imatseka khomo loyamba. Loyambalo likatsekeka, lachiwiri limatseguka, mchere wotchedwa kashiamu n'kulowa. Kashiamuyo ndiye amakankhira insulini kunja. Shuga akachepa, khomo loyamba limatsegukanso, insulini n'kuleka kutuluka."

A Kalipentala anakokera pepalalo pafupi. "Chitseko china chikatsekeka, chinzake chitseguke chokha? Amene anakhoma zimenezi anali mmisiri."

"Koma mapiritsi a mtundu umene mukumwawu amatseka okha khomo loyamba lija," anapitiriza namwino. "Safunsa ngati mwadya. Insulini imatuluka, n'kusesa kashuga kochepa kamene katsala m'magazi. Ubongo ukasowa shuga, munthu amaoneka ngati waledzera. Ena amakomoka, ena osadzukanso."

Mayiwo anayang'ana pansi. "Ndiye kuti ndine ndimawapha ndi njala."

"Simunadziwe. Kuchepetsa zotsekemera munachita bwino, koma kudumphitsa chakudya ndiye ayi. Piritsi liziyendera limodzi ndi chakudya, ndipo azidya katatu pa tsiku, moyenera. M'thumba musamasowe masiwiti atatu. Akamva kunjenjemera, thukuta kapena chizungulire, adye pompo, kenako apeze chakudya. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Thamangirani nawo kuno. Mankhwala musasiye kapena kuchepetsa nokha. Tikaonane ndi adokotala, aone ngati mlingo wake ukuyenera kusintha."

Adokotala anachepetsadi mlingowo. Pobwerera, mayiwo anadzera kwa wometa tsitsi n'kumufotokozera zonse, popeza ndiye amakhala pafupi ndi bambowo tsiku lonse. Iye anakanda mutu.

"Pepani alamu, pakamwa panga pananditsogolera. Masiwitiwo ndizisunga ndine?"

"Inu ayi. Angathe dzuwa lisanalowe."

Mayiwo anasokera kathumba mkati mwa ovolosi ya amuna awo, koikamo masiwiti ndi kakhadi kolembedwa kuti mwini wake ali ndi shuga. Ketulo inayambanso kulira m'mawa. Masana wometa tsitsi ankagogoda pachitseko cha shopu, a Kalipentala n'kuika randa yopalira matabwa pansi kuti adye. Miyezi isanu ndi umodzi inatha osadzandiranso, ndipo kamakina ka namwino kankaonetsa shuga ali pabwino.

Shuga wotsika ndi woopsa ngati wokwera. Ngati mukumwa mankhwala a shuga, musadumphe chakudya, dziwani zizindikiro zake, ndipo uzani amene mumakhala nawo zoyenera kuchita.