Bikoni ya Puloti 47 Inali M'bwato

M'chaka cha 1980 nyanja inakwera kwambiri, ndipo madzi anagwetsa nyumba ya Lyton Thole ku Chikale. Lyton, msodzi wa usipa, anasamukira m'khitchini ya mlamu wake pamodzi ndi mkazi wake Dailesi ndi ana anayi. Mu Juni chaka chomwecho analembetsa dzina ku ofesi yogawa mapuloti pa boma. Pa 3 Ogasiti 1981 anapatsidwa puloti 47, kumtunda kwa msika. Njerwa zimene anawotcha zinali zokwana nyumba imodzi basi, ndipo ankafuna kufolera mvula isanayambe.

Chimene chinamuwawa tsiku loyamba lomwelo chinali puloti 46. Pamenepo panali kale nyumba yamalata ya Maganizo Kachingwe, kalaliki wochokera ku Ntcheu. Kutsogolo kwake kunali bwalo lalikulu losesedwa bwino, ndipo pakhonde nyanja inkaoneka yonse.

"Mwaona, amake Leah?" anatero Lyton. "Mchombo wanga unagwera konkuno. Koma wobwera dzana ndiye wayamba kupatsidwa, bwalo lake ngati la mpira."

"Ada, ife tikufuna denga," anayankha Dailesi. "Bwalo la eni ake mulisiye."

Lyton sanamve. Pangodya ya puloti yake panali kamwala kasimenti kokhala ndi kachitsulo pakati. Anakazula, nakamanga chingwe, nakasandutsa nangula wa bwato lake. Kenaka anakumba maziko kutsogolo kwenikweni, kuti nyumba yake ipitirire ya Kachingwe ndi kumutsekera nyanja.

Kachingwe anafika akuweruka ku ntchito, tayi ili m'khosi.

"Bambo Thole, pepani, maziko awa adutsa mzere."

"Mzere wa kwanu ku Ntcheu?"

"Ayi, wa pa pulani. Inenso nditafika anandiuza kuti..."

"Mukuopa kuti nyanja simudzaionanso? Kodi munabwera nayo pa basi?"

Kachingwe anaseka pang'ono, nalowa m'nyumba. Lyton anaona ngati wapambana.

Lolemba pa 14 Seputembala, njerwa zoyamba zisanayalidwe, kunabwera woyeza malo kudzaona maziko, monga ankachitira pa puloti iliyonse. Anali Watson Longwe, mwana wa komweko, amene bambo ake ankawedza ndi bambo ake a Lyton. Anatambasula pulani, nayang'ana pansi kangapo.

"Ada Thole, bikoni ili kuti?"

"Bikoni ndiye chiyani?"

"Kamwala kasimenti kamene kanali apa."

Lyton anakanda m'mutu. Dailesi ndiye anayankha. "Kali m'bwato. Akuti kamagwira bwino pansi."

Longwe sanaseke. Anakhala pa mulu wa njerwa, naitana onse awiri.

"Mvetsetsani. Malo ano anakonzedwera anthu opeza pang'ono. Boma limayeza mapuloti, limasunga njira ya msewu ndi ya madzi, ndipo munthu amamanga monga angathere, kaya ndi udzu kaya ndi malata. Bikoni ndi chizindikiro cha malire a puloti yanu. Siizulidwa. Kutsogolo kwa bikoni kuli malo osungira msewu, ndipo amenewo si a munthu aliyense. Kumbuyo kwake, mamita atatu, kuli mzere womangira. Khoma lililonse liyambire pamenepo."

"Nanga bwalo la a Kachingwe?" Lyton anakweza mawu. "Iwo ndiye ali ndi malamulo awoawo?"

"Gwirani apa."

Longwe anamupatsa nsonga ya tepi. Anayeza puloti 46, kenaka 47, Lyton akuwerenga yekha manambala. Mapuloti onse awiri anali mamita khumi ndi asanu m'lifupi, makumi atatu m'litali.

"Bwalo mukulisiriralo theka lake ndi msewu," anatero Longwe. "Iwo amangosesapo."

"Koma anayamba ndi iwo kupatsidwa."

"Pali mndandanda wodikira. Iwo analembetsa mu Marichi 1979, inu mu Juni 1980. Mndandanda sufunsa kwawo kwa munthu, umaona tsiku. Tsono, Ada, mukamanga apa, msewu ukadzabwera khoma lidzagwetsedwa, ndipo palibe amene adzakubwezereni njerwa."

Dailesi anayang'ana mulu wa njerwa uja, kenaka mwamuna wake. "Ine m'khitchini ya eni sindikhalamonso mvula ina," anatero motsitsa mawu.

 Lyton anatsika ku doko, nabwera ndi bikoni paphewa, ili ndi ndere. Longwe anayezanso ngodya ndi kuibwezera yekha, chifukwa ntchito imeneyo ndi ya woyeza malo. Lyton anakwirira maziko aja, nakumba ena kumbuyo kwa mzere. Kachingwe anamubwereka wilibala. Lyton anailandira ndi mawu amodzi okha othokoza, "Yewo," maso ali kwina.

Anafolera pa 28 Novembala. Mvula yoyamba inawapeza ali m'nyumba yawo.

Mu Julayi 1982 kunabwera galimoto yopala msewu. Inadya theka la bwalo la Kachingwe, n'kudutsa pamene Lyton anakumba poyamba. Mpopi wa anthu onse unaikidwa m'mbali mwa msewuwo, pafupi ndi bikoni ya puloti 47.

Kachingwe anaima pakhonde lake, akuona Dailesi akutunga madzi pafupi ndi khomo.

"Bambo Thole, mpopi akuikirani pakhomo. Ife akazi athu aziyenda. Kodi munanong'oneza ndani ku ofesi?"

"Funsani pulani, achimwene," anatero Lyton. "Imaona malo, siiona nkhope."

Phunziro ndi ili: mukapatsidwa puloti, musazule bikoni, musamange m'malo osungira msewu, ndipo funsani woyeza malo akuonetseni mzere womangira musanakumbe maziko. Musayeze puloti yanu ndi maso osirira ya mnzanu. Iyezeni ndi tepi.