Nkhanga za ku Dambo la Khonsolo

Yosiya anawalakwira alamu ake, a Cornélio, m'mwezi wa Januwale chaka chathachi, chimanga cha m'mphepete mwa misewu ya ku Glen Norah chitafika m'mawondo.

Nkhani yake ndi ya nkhanga. Kuseri kwa nyumba zomalizira, potsikira ku mtsinje wa Mukuvisi, kuli dambo la khonsolo. Amayi amalimako mbatata, a mapositori amapempherako, ena amangotayako zinyalala. Koma zoti kumeneko kunatsala gulu la nkhanga ankadziwa ndi a Cornélio okha. Anazipeza kalekale atangofika kuchokera ku Angónia nthawi ya nkhondo, ndipo sanauzepo munthu. Pakamwa pa anthu a m'lokeshoni sankapakhulupirira.

Ulenje wawo unali ndi malamulo ake. Nthawi ya dzinja nkhanga sagwira, chifukwa imakhala ikufungatira mazira m'maudzu. Umadikira Juni, anthu atakolola, anapiye atakula. Ndipo pa mkuyu pomwe zimagona sutcherapo, chifukwa ukazisokoneza pogona zimasamuka osabweranso. Khwekhwe umatchera patali, pa kanjira kawo kopita kumadzi, m'mamawa mame asanaume, n'kuwazapo madeya. Ukagwira imodzi, basi, nyamula ubwerere kwanu.

Mkazi wawo, mayi Conceição, anayamba kudwala Khirisimasi itangodutsa. Chakudya chinkawakana. Tsiku lina anakankha mbale n'kunena kuti, "Bambo a Neide, msuzi wa nkhanga wokha ndiye ndingamwe. Nkhuku za m'mashopuzi zimanunkha mankhwala."

"Zili pa mazira, mayi. Pirirani mpaka Juni."

"Inu ndi malamulo anuwo! Kodi nkhangazo ndi akazi anzanga?" Anaseka mpaka kutsokomola.

A Cornélio nawo mawondo anali atayamba kuwavuta. Ankaopa kuti pofika Juni sadzatha kugwada n'kutchera okha. N'chifukwa chake anaitana Yosiya, mlongo wamng'ono wa mkazi wawo, yemwe amawotcha mapazi ndi mitu ya nkhuku pa siteji ya makombi. Anapita naye kudambo, namuimitsa kuseri kwa chulu.

"Alamu, maso okha, pakamwa mutseke. Mtengo wake ndi uwo, koma musauyandikire. Tidzatchera apa, chisanu chikayamba."

"Aa, mudhara, mukundiyesa mwana? Si za achemwali anga izi?" anatero Yosiya, akuwatchula kuti mdala m'chiyankhulo cha kuno, maso ali pa mkuyu.

Mwezi usanathe, a Cornélio anatsikira kudambo kukangomvetsera kulira kwa nkhanga monga ankachitira nthawi zonse. Kunali zii. Atayandikira anaona mapazi a agalu m'matope. Udzu unali wogonagona, zisa zili poyera, zikhokhombe za mazira zili mbwee. Pansi pa mkuyu panali nthenga zamawangamawanga ndi miyala ya legeni. Anatola nthenga imodzi, naiyang'ana, naiponyanso pansi.

Anamupeza Yosiya akukupiza makala pa siteji.

"Alamu, mwachita chiyani kudambo kuja?"

"Dambo ndi la khonsolo, mudhara. Kapena munaligula ife osadziwa?" Makondakitala omwe ankadya pamenepo anaseka.

"Zili kuti nkhangazo?"

"Zinapita ku msika wa ku Mbare. Kumeneko akuzilimbirana."

"Ngakhale phiko limodzi lokha la mlongo wanu?"

Yosiya anatembenuza mapazi a nkhuku pa waya. "Ndimati ulendo wina. Musadandaule, zibwerera. Mbalame sifuna pasipoti."

A Cornélio kunyumba sananene kanthu. Akanauza bwanji wodwala kuti mlongo wake wam'dyera msuzi? Mayi Conceição akafunsa, ankangoyankha kuti Juni ali pafupi.

Juni anafika ndi chisanu chake. M'mawa uliwonse a Cornélio ankatenga ndodo, chingwe ndi kathumba ka madeya, n'kutsimphina mpaka kudambo. Kugwada kunali ntchito, kudzuka kunali ntchito ina. Madeya ankadya ndi njiwa ndi mbewa. Anasuntha misampha kufupi ndi madzi, kenaka kutsidya, kenaka m'minda ya mbatata yokumbidwa kale. Pomaliza anathyola lamulo lawo lomwe, natchera pansi penipeni pa mkuyu. Anagwira chingwe chokha.

Akakhala pa chulu paja kudikira dzuwa, mtima unkabwerera ku tsiku lomwe mkazi wawo anapempha msuzi. Tsiku limenelo nkhanga zinalipo, miyendo inali ikadali ndi kamphamvu, ndipo tambala mmodzi sakanathetsa gulu. Iwo anasungira mazira, mazirawo anadya ndi agalu a Yosiya.

Kenaka anakwera kombi kupita ku Mbare, nagula nkhanga yoweta. Mwana wawo Neide anaiphika bwinobwino. Mayi Conceição anamwa supuni imodzi, nayang'ana amuna awo.

"Iyi inakulira m'khola, bambo a Neide. Yakutchire imamveka udzu." Anamwetulira n'kuwagwira dzanja. "Musavutike. Mwayesetsa."

Anamwalira mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa mapepala m'misewu. Pamaliro Yosiya ndiye ankagawa nyama kwa azibambo. A Cornélio anamumva akufotokozera anthu kuti kale kudamboko kunali nkhanga zambiri, koma zinathawa phokoso la nyumba zatsopano. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza.

Masiku ano a Cornélio akamapita kukatenga mankhwala a mawondo amadutsa pa siteji paja, chifukwa njira ndi yomweyo. Agalu awiri amagona pansi pa tebulo. Yosiya amakweza dzanja n'kufuula moni wa m'mawa m'chiyankhulo cha kuno, "Mamuka sei, mudhara! Kudambo kuli bwanji?" Pa chipewa chake anasomekapo nthenga yamawangamawanga.