Chigamba cha Silika

Ottokar Brinkmann anali atasanthula madirowa onse, thukuta lili kamukamu. Pabalaza, wogula wochokera ku Hamburg ankangoyang'ana wotchi. Anadzera ndalama imodzi yokha, ija mzinda wa kwawo kwa Ottokar unasindikiza pansalu ya silika mu 1921, imene osunga ndalama zakale safuna kuiona itapindika n'komwe.

"Hedwig, kansalu kachikasu kaja mwakaona?" Ottokar ananong'oneza mkazi wake kukhitchini.

"Kolembalemba kaja? Kolimba bwino. Si paja mumadandaula kuti buluku lanu labooka?"

Ottokar anadzigwira kumbuyo. Zala zinakumana ndi ulusi.

Anabwerera pabalaza cham'mbali ngati nkhanu, n'kukhala pampando msangamsanga.

"Ilipo, bwana," anatero kwa wogulayo.

"Ndiye mukuikhaliranji? Sitima indisiya. Dzukani mukaitenge."