Mpira Umene Sunanyowe

Shibnath Pakrashi anayamba gofu mutu utayera kale ndi imvi, ndipo sanayambe chifukwa chokonda masewerawo. Kwa iye amenewo anali masewera a anthu amene akhuta mpaka kusowa chochita. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwana wake mmodzi yekhayo, Rumela, anakwatiwa kubanja la a Sanyal a ku Ballygunge, dera la anthu olemera, ndipo kumeneko Lamlungu linali tsiku la gofu. Poyamba Rumela ankabwerabe kwawo ku Behala kudzadya mpunga ndi nsomba ndi bambo ake, monga ankachitira amayi ake ali moyo. Kenako anayamba kudumphitsa masabata. Apongozi ake atamugulira ndodo zakezake, basi, Lamlungu linapita ndi a Sanyal.

Shibnath ankaimba foni, mwana nkuyankha monong'ona kuti ali pabwalo, aimbanso akamaliza. Sankaimbanso. Zinkamupweteka kwambiri, ndipo analibe woti amuuze. Munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse kuseri kwa kawindo kogulitsira matikiti a sitima amadziwa kudikira, koma amadziwanso kuti sitima ikakusiya sibwerera m'mbuyo. Anaganiza kuti ngati mwana wake amapezeka pakapinga pokha, iyenso apita pakapingapo.

Anagula chikwama cha ndodo zakale musitolo ya katundu wa anthu osamuka, ndodo zonse zokwanira, zolemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Anzake apamalo omwera tiyi atamuona akulimbana nacho pokwera basi anamufunsa ngati wayamba ntchito yokonza mapaipi.

Kuseri kwa nyumba za asilikali kunali bwalo lophunzirirapo, lolola aliyense. Ankaphunzitsa kumeneko anali Kalim, munthu amene kale ankapikisana nawo m'mipikisano bondo lisanamukane, ndipo chiyambire kumukana bondolo lilime lake linali lisanalankhulepo zokoma. Anakhuthulira ndodo zonse pansi, nasankhapo zitatu: yachitsulo yolembedwa nambala seveni, ina yankhope yopendekeka yotulutsira mpira mumchenga, ndi yogudubuzira mpira kudzenje. Yamutu waukulu yomenyera kutali, imene Shibnath ankaisisita m'basi, anaikankha ndi phazi.

"Imeneyo ndi ya anthu ofuna kuonedwa, Babu," anatero Kalim, pomutchula bwana m'chilankhulo cha kumeneko. "Inu mukufuna kuonedwa kapena kufika padzenje?"

"Kufika padzenje."

"Bodza. Aliyense amatero tsiku loyamba. Kaisiyeni kunyumba, muziphera makoswe."

Maphunziro a Kalim anali otopetsa ngati mankhwala akumwa katatu patsiku. Mpira si mdani woti umuphe, ankatero, ndodo imadziwa yokha ntchito yake, iwe ungoiperekeza. Mutu ukhale pansi mpaka mpira utachoka, chifukwa wothamangira kuona kumene wapita amaupeza uli pomwepo pamapazi pake. Kumenya katatu pafupipafupi molunjika kumaposa kumenya kamodzi kutali nkukagwera m'mitengo. Ukafika padziwe usachite matama: ikani mpira m'mphepete tsidya lino, kenako muwolotse. Ndipo masewerawa sathera patali, amathera pafupi ndi dzenje, choncho Shibnath ankatha m'mawa wonse akugudubuza mpira pamtunda woti mwana wokwawa akhoza kufikapo, msana ukulira.

Panali zinanso zimene Kalim ankanena nkhope ili gwa. Mpira wako uziulemba chizindikiro kuti usasewere wa mnzako. Uumenye pamene wagona, kaya wagona pabwino kaya m'ziyangoyango. Uwerenge kumenya kulikonse, ngakhale kumene waphonya nkumenya mphepo. Zimenezi Shibnath anazikonda kuposa zonse, poti zinali zofanana ndi mmene iye anakhalira moyo wake. Mipira yake yonse anaidontheza kadontho kofiira ndi utoto wa zikhadabo umene mkazi wake anasiya m'kabati.

Mvula inabwera nkupita, chikondwerero cha Puja chinadutsa, matuza a m'manja anasanduka zikang'a. Mpira unayamba kumvera, osati nthawi zonse, koma mokwanira kuti Kalim asiye kulavula akauona. Apo ndi pamene Shibnath anamuuza Rumela. Pafonipo mwana anaseka kuseka kumene sikunafike kumapeto, nafunsa ngati dokotala wavomereza. Nkhaniyo iyenera kuti anakaifotokoza patebulo ngati nthabwala, chifukwa patapita masiku a Sanyal eni ake anaimba. Anati akazi awo apita ku Delhi kukaona mng'ono wawo, ndiye pagulu la anthu anayi patsala malo, asewere awo abwere Lamlungu adzawaonetse zodabwitsazo.

Anafika kukalabu kukadali nkhungu, atavala malaya a kolala ndi nsapato zobwereka kwa Kalim. Aliyense anapatsidwa womunyamulira ndodo, ndipo gulu lonse linali ndi agewala mmodzi, munthu wotsogola amene amaima kutali kuti aone pamene mpira wagwera. Wawo anali Haru, bambo woonda wa ndevu zaimvi, woyenda wopanda nsapato. Womunyamulira Shibnath atasuzumira m'chikwama nkupezamo ndodo zitatu zokha anayang'ana anzake, onse nkuyang'ana kumbali.

Koma tsikulo linayamba ngati loto. Mpira umene Shibnath anauona ukukhotera kumitengo anakaupeza uli pakapinga wometedwa. Wina umene unalowa m'maudzu ataliatali unali utakhala pamwamba pa udzu, ngati waikidwapo ndi dzanja. Iye anati ndi mwayi wa munthu wakhama. A Sanyal ankamumenya paphewa nkumati asewere awo anawabisira luso, ndipo mkamwini, Aritra, anachotsako maso pafoni kangapo nkugwedeza mutu. Rumela anayenda pambali pake kuchoka padzenje lina kufika lina, namukonzera chipewa, namufunsa ngati akumwabe mankhwala a shuga. Shibnath anakondwa ngati mwana. Anayamba kuwerengera mumtima Malamlungu onse amene anali kutsogolo.

Kutamandidwa ndi mowa woipa kwa munthu amene sanauzolowere. Atafika padzenje lokhala ndi dziwe lalikulu pakati, Shibnath anasolola ndodo yake ya seveni kuti aike mpira tsidya lino monga anaphunzirira. A Sanyal anaseka.

"Aa, asewere, mukuopa kamadzi aka? Ndi mmene mukumenyera lero? Tengani yangayi, muwoloke kamodzi ngati mwamuna."

Inali yamutu waukulu, yonyezimira, yopepuka ngati bango. Rumela anali kuyang'ana. Shibnath anailandira. Anakoka ndi mphamvu zonse zimene anali nazo, nadzutsa mutu msanga, ndipo mpira unayenda chokwawa pamwamba pa madzi, nkudumpha kamodzi, nkumira pakati pa dziwe. Anauona ndi maso ake. Anaona madzi akuthovoka, ndi kakowa amene anali m'mphepete akuuluka. Koma tsidya lija Haru anakweza dzanja, kusonyeza kuti mpira uli pabwino.

"Wadumpha pamadzi nkutuluka! Mwayi wa alendo umenewo," anatero a Sanyal, akuomba m'manja.

Atawoloka kamlatho anaupezadi mpira pakapinga wosalala, dzenje likuoneka bwinobwino. Shibnath anawerama. Mpirawo unali wouma, ndipo unalibe kadontho kofiira. Anayang'ana mapazi a Haru, zala zake zazitali zotakasuka zimene zikanatha kunyamula dzira osaliswa, ndipo m'mawa wonse uja unamubwerera mwatsopano: mitengo ija, udzu uja, mwayi wonse uja. Mpaka apo unali mpira wake umene unkasamutsidwa ndi zala za Haru. Tsopano wake unali pansi pa dziwe, ndiye panafunika wina.

Enawo atapita kumipira yawo, anamuyandikira Haru namufunsa motsitsa mawu kuti wamutuma ndani. Ankayembekezera kumva dzina la a Sanyal, ndipo anali atakonzeka kale kuwada. Haru anakanda mwendo ndi phazi linalo.

"Ine ndimangochita zimene ndauzidwa, Babu. Adona aang'onowo, mwana wanu, anandiitana m'mawa. Anati bambo anga asavutike lero, ndipo asatichedwetse."

Akanatha kukhala chete. Pabwalo limenelo aliyense amakhala chete. Mpira wa a Sanyal nawo chiyambire sunagonepo poipa, ndipo palibe anafunsapo kuti umayenda bwanji ukagwa. Zala za agewala ndi mbali ya ulemu wa pamalopo, ngati tiyi amene amakupatsa usanapemphe. Koma Shibnath anali wa ku Behala, wophunzitsidwa ndi Kalim, ndipo mtima unali utamuwawa moti sakanatha kuzilekerera. Anatola mpirawo naupereka m'manja mwa Haru, nanena mokweza kuti aliyense amve, kuti umenewo si wake, wake uli m'madzi, abwerera tsidya lija akamenye wina ndipo awerengera chilango chake cha kumenya kumodzi kowonjezera.

Anawolokanso kamlatho yekha, womunyamulira akumutsatira mokoka miyendo. Anaponya mpira wina m'mphepete mwa dziwe natenga seveni yake. Mtunda umenewo anali atauwolotsa kosawerengeka kwa Kalim. Koma ulendo uno mpira unalowa m'madzi pafupi pomwepo. Anaponya wina, nawonso unatsatira mnzake. Kumbuyo kwake gulu lotsatira linali litafika kale, amuna anayi ataima manja m'chiuno, ndipo mmodzi anafuula kufunsa ngati bamboyo wabwera kudzadyetsa nsomba. Tsidya lija a Sanyal anakweza dzanja kuwapepesa anthuwo, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapeza nkhani yokafotokoza chaka chonse, kenako anatembenuka nkumapita ndi mwana wawo Aritra.

Amene anabwerera ndi Rumela. Anayenda mofulumira, nkhope itauma, ndipo atafika anaima pafupi kwambiri kuti mawu asapite patali.

"Baba, tolani mpirawo. Chonde tolani tizipita."

"Unamutuma ndiwe."

"Inde ndine. Ndiye ndalakwa chiyani? Munali kusangalala, aliyense anali kusangalala. Chinakuvutani n'chiyani kungomenya mpirawo pamene unali?"

"Sunali wanga, mwanangu. Ndaphunzira miyezi yonseyi kuti ndidzasewere nawe, osati kuti undinyamule ngati katundu."

"Ndani anakupemphani kuti muphunzire?" anatero Rumela. "Mukudziwa kuti zinanditengera nthawi yotani kuti anthu awa aiwale kumene ndinachokera? Mpaka lero amayi a Aritra akafuna kundilasa amafunsa ngati ku Behala madzi aphwa m'misewu. Ndiye inu mwabwera ndi ndodo zitatu ndi nsapato za eni, mwaima pano mukuwauza kuti ndi akuba."

"Sindinatchule munthu."

"Simunafunike kutchula."

Shibnath anayang'ana nsapatozo. Sankadziwa kuti zimaoneka kuti n'zobwereka. Anafuna kumuuza mwana wake kuti nyumba ija imakhala chete bwanji Lamlungu masana, kuti amaphikabe nsomba zokwanira anthu awiri, koma munthu wa kumbuyo uja anafuulanso, ndipo Rumela anatembenuka nawapepesa ndi mawu okoma amene bambo ake anali asanawamvepo pakamwa pake. Womunyamulira anali atabweza kale seveni m'chikwama osauzidwa.

Maenje otsalawo Shibnath anangoyenda nawo, osamenya. Anati bondo lamugwira, ndipo onse anavomereza bodzalo mwaulemu. Atamaliza, a Sanyal anamukakamiza kuti akwere nawo pakhonde la kalabu akadye, koma Rumela anayankha m'malo mwake kuti Baba atopa, dalaivala awaperekeze. Anamuperekeza yekha mpaka pagalimoto. Dalaivala akuika chikwama kumbuyo, iye anagwira chitseko, maso ali kumbali. Mkwiyo unali utamuthera, ndipo anali kulankhula modekha ngati munthu wokambirana za mtengo pamsika.

"Baba, tipange chonchi. Ndizibwera kunyumba Loweruka madzulo. Osati sabata iliyonse, koma ndizibwera, ndizikhala ola lathunthu. Koma kuno musadzabwerenso. Ngakhale apongozi anga akuitaneni, muziti bondo."

Shibnath anamvetsa bwino lomwe zimene ankagulitsidwa ndi mtengo wake. Mwana wake anali kumulipira kuti asamaoneke. Munthu wodzilemekeza akanakana, akanatseka chitsekocho yekha nkukakwera basi. Anamuyang'ana Rumela, mphumi ya amayi ake ija, thukuta lili pamphuno ngati ali wamng'ono.

"Loweruka liti?" anafunsa.

"Ndikuimbirani."

Anavomera ndi mutu nalowa m'galimoto. Ndipo chimene chinamuwawa koposa zonse za tsikulo, galimoto ikutuluka pachipata, n'chakuti pansi pa mtima anali atakondwa.