Manja Otuwa a Tupochele

Nkhono zisanu zinabwera pa ndege kuchokera ku nyanja yotentha ya kum'mawa, koma pofika Januwale wa 2007 inatsala imodzi yokha. Inali ya chigoba chosongoka, chamawangamawanga, yokongola mopusitsa. Imasaka nsomba ndi mbola, ndipo ululu wake umapha ngakhale munthu.

Tupochele anasiya mwana ku Mzuzu kudzaphunzira za ululuwo pa yunivesite ina mu Dublin. Popanda ululu, digiri panalibe. Kakamidwe kake n'kosavuta pokamba: umagwira kansomba ndi chopanira, nkhono ikatulutsa kachitamba kake umasinthitsa ndi kabotolo kokutidwa ndi chipsepse cha nsomba, iyo n'kubaya pamenepo. Koma nkhono ya Tupochele inkangomva kansomba kakubwera, n'kudzikwirira mumchenga. Masabata asanu ndi limodzi, osadya.

Hilary, woyang'anira labu, analankhula mosazungulira. "Lachisanu tiiphe, tichotse thumba la ululu isanafe yokha."

"Thumba limodzi silingakwane," anayankha Tupochele. "Ndipatseni ten days."

Hilary anavomera. Mtima unamuwawa Tupochele, koma tsiku lililonse ankayesa china. Anatenthetsako madzi, anasintha nsomba, anachepetsa kuwala. Nkhonoyo inakana zonsezo mwamwano.

M'mawa wina Felista, mayi wa ku Chipata amene ankakolopa mu labumo, anaima pakhomo n'kununkhiza.

"Asisi, inu ndimakudziwani musanafike. Camphor ameneyu amayamba ndiye kulowa."

Tupochele anayang'ana manja ake. Kuzizira kwa Dublin kunkamutuwitsa khungu, ndiye ankadzola mafuta onunkhira aja katatu patsiku, monga anamulerera mayi ake kuti mkazi sayenda ali mbuu. Ndi manja omwewo ankagwira nsomba, chonsecho nkhono imasaka ndi fungo.

Mafutawo anawasiya tsiku lomwelo. Manja anatuwa, kenako anang'ambika m'zala, madzi amchere n'kumalowa m'mabalamo. M'basi ya ku Crumlin ankawabisa m'matumba chifukwa cha manyazi, ndipo Felista ankamufunsa ngati wayamba ganyu yonyamula simenti.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mwa masiku khumi aja, kachitamba kanatuluka mumchenga, kofiira kunsonga, kakufufuza. Tupochele anabweza kansomba, n'kuika kabotolo. Chopanira chinagwedezeka pang'ono. Pansi pa kabotoloko panali kadontho koyera ngati mkaka.

Nkhonoyo anaipatsa nsomba yake. Kenako anapita kwa Hilary, kabotolo kali m'mwamba, manja osabisa.