Noti ya pa Tsamba Lachisanu

Pensulo inagogodanso patebulo, kachinayi tsopano, ndipo oimba khumi ndi awiri onse anatseka pakamwa.

"Alito wachiwiri," anatero wotsogolera kwaya, amene onse ankangomutchula kuti a Pensulo. "Mwaikonzanso."

"Pepani."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, pakuti limenelo ndilo linali dzina lowasereula mayi oimba alito wachiwiriwa. Zaka naintini ali m'kwayamo ankapepesa chilichonse. Wina akawaponda phazi, pepani. Magetsi akazima, pepani. Oimba atsopano ankayesa kuti ndi dzina la pachitupa.

Kwaya imeneyi sinali yongokometsera Lamlungu ayi. Kuimba ndiyo inali ntchito yawo, kulowa eyiti koloko ngati kuofesi. Loweruka likubweralo ankakaimba nyimbo yatsopano yoti sinamvekepo kwina kulikonse, mwini wake woipeka atakhala pampando wakutsogolo. Nyimbo yake yovuta zedi, woimba aliyense ndi mzere wakewake. Pa tsamba lachisanu, wopekayo anaika noti ya a Pepani moyandikana kwambiri ndi ya sopulano woyamba, moti ziwirizo zikamveka pamodzi mano ankayayamira. Anafunika kuigwira choncho mpaka kuwerenga teni. Koma pofika pa folo, khosi la a Pepani linkatsetsereka lokha n'kutsika pang'ono, mawu awiriwo n'kugwirizana mokoma ngati kutchalitchi.

Sopulano woyambayo anali mng'ono wawo, bere limodzi.

"Mayi, sindikunena kuti mukuphonya," anatero a Pensulo akupukuta magalasi. "Khutu lanu limaposa tonse muno, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Wopeka akufuna mkangano, inu mukubweretsa mtendere. Tikapuma tiyesa kamodzi kokha. Zikakanika, mzere wanu Loweruka ndiupereka kwa wina."

Nthawi yopuma a Pepani sanakhale pansi. Anamwa madzi, anapita kuwindo, anabwerera, anamwanso madzi. Mtima unali m'mwamba. Zaka zonsezi sanachotsedwepo pa nyimbo ngakhale imodzi, ndipo ankadziwa mmene zimayendera: lero akuchotsa pa nyimbo imodzi, chaka chamawa pampando pako pakhala mtsikana wochokera kukoleji. Anayesa kung'ung'udza noti ija ali okha mukhonde. Inatuluka bwinobwino, yowongoka. Paokha sinkavuta n'komwe.

"Inu kukangana simungakuthe," anatero woimba besi wina wamimba, wotchedwa a Chigubu, akutafuna bisiketi. "Udzudzu womwe mumayamba mwaupepesa musanaumenye."

A Pepani anaseka, kuseka kwa mano okha.

Mng'ono wawo anatulukira akudziyang'anira pafoni, akukonza tsitsi.

"Achemwali, musadzivute. Nyimbo zamasiku anozi si za aliyense. Mwinanso zayenda bwino. Mayi wosamalira bambo uja paja Loweruka sabwera, ndiye akanakhala nawo ndani? Ine ndawauza kale a Pensulo m'mawa kuti akakuchotsani simudandaula."

"Wawauza kale?"

"Ee. Nanga inu mumadandaula?"

Anatero akumwetulira, wopanda n'chipongwe chomwe, ndipo chinawawa kwambiri n'chimenecho. Bambo awo anafa ziwalo mbali imodzi zaka zitatu zapitazo. Kuyambira tsiku lotuluka m'chipatala ankagona kwa a Pepani, m'chipinda chimene kale chinali cha ana. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda, kuthamanga pa faifi koloko kuti wosamalira aweruke, zonsezo a Pepani. Mng'onoyu ankabwera kamodzi pamwezi ndi kajumbo ka zipatso, n'kuwaimbira bambo nyimbo ziwiri, bambo n'kulira ndi chimwemwe. Pokambirana poyamba paja anati azidzasinthana sabata ziwiriziwiri. A Pepani sanakumbutsepo.

Mawu aja anafika mpaka pamilomo, okonzeka kale: pepani, palibe vuto. Anawameza. Anatsamwa nawo ndithu, mpaka a Chigubu anawapatsa madzi.

"Tiyeni, tsamba lachinayi!" anaitana a Pensulo.

Mabesi anayamba pansipansi, matenala n'kulowa mmodzimmodzi. Mapepala anatembenuzidwa. A Pepani anakoka mpweya n'kuponda noti yawo, ndipo ya mng'ono wawo inabwera n'kukhala pomwepo, phewa ndi phewa, kukhulana.

Wani, thu, fili. Pa folo khosi linayamba khalidwe lake lija, kufuna kutsika. Kalanga ine, kunyansa kwake! Thupi lonse linkawauza kuti akonze, asiye njira mwanayu adutse, monga ankachitira kuyambira ali ana pa mbale, pa bulangete, pa nsapato zatsopano. M'malo moyang'ana pepala, anatembenuza mutu n'kumuyang'ana m'maso mng'ono wawoyo. Sanakweze mawu. Anangokana kusuntha.

Faifi. Sikisi. Mpweya wa m'chipindamo unayamba kunjenjemera, phokoso lachilendo lokhala ngati likugunda m'makutu, ndipo a Pensulo anatseka maso, dzanja lili m'mwamba. Mng'ono uja anaphethira. Chibadwire anali asanaimepo pafupi ndi mkulu wake wosagonja. Pa seveni mawu ake anagwedera. Pa eyiti anakwera pang'ono kuthawa mkanganowo, ndipo manoti awiriwo anagwirizana mokoma ngati kutchalitchi.

Pensulo inagogoda.

"Sopulano woyamba," anatero a Pensulo, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwaikonza."

"Pepani," anatero mng'onoyo, asanaganize n'komwe.

"Aa, dzina lasamuka!" anakuwa a Chigubu, ndipo anthu anagwira m'mimba.

A Pepani sanaseke nawo. Mtima unali utatsika. Anadikira phokoso lichepe, n'kuweramira kwa mng'ono wawo.

"Lachisanu masana ndidzawabweretsa bambo kwanu, ndi mankhwala awo ndi zofunda. Akhala sabata ziwiri, monga tinapanganira. Wokhala nawo Loweruka upeze ndiwe."

"Koma achemwali, Loweruka ine ndikuimba!"

"Inenso."

Mng'onoyo anatsegula pakamwa, n'kudikira mawu opepesa aja a mkulu wake amene ankabwera nthawi zonse pamapeto. Sanabwere.

"Tibwerezenso," anatero a Pensulo. "Alito wachiwiri, chimodzimodzi mmene mwachitiramo."

A Pepani ananyowetsa chala n'kubwerera pa tsamba lachinayi.