Kabowo ka Pambali pa Mpando

Galimoto ya Sylvester inafooka atangolowa pa Chiringa. Nyali yochenjeza inayaka, ndipo ngakhale aponde moto chotani, galimotoyo inkangokwawa. Kumbuyo kunali mkazi wake Leah, nthawi yake yochira itakwana, atatsamira a Zelifa, mayi ake a Sylvester. Chipatala chinali chikadali kutali.

Anakhotera pa galaja ya a Thomson.

"Achimwene, ndithandizeni msanga, mkazi wanga wadwala!"

A Thomson analumikiza kamakina kawo kounikira vuto pansi pa chiwongolero.

"Batire lalikulu latentha. Galimoto ya haibulidi ngati iyi, yoyendera petulo ndi batire, ikatero imakana kuthamanga. Fani yoliziziritsa siikuzungulira."

"Ikani ina!"

"Ndiitenge kuti, m'thumba? Dekhani, bambo."

Fyuzi inali itapsa. Anaika ina, nayonso inapsa pomwepo. Sylvester ankangozungulira galimoto, foni m'manja, osadziwa woti amuimbire. Leah anabuula. Mayi wina wogulitsa nthochi anasiya dengu lake pamsewu, nayamba kumukupiza ndi chitenje, osafunsa kanthu.

"Mawaya ali bwino, ndiye chilipo chikuigwira," anatero a Thomson, natembenukira kwa a Zelifa. "Amayi, tasunthani miyendo pang'ono."

Pambali pa mpando, pa kabowo pomwe fani imakokera mpweya, panali patatsekedwa ndi sanza. Atatsegula anapeza nsonga yake itakulungana m'mapiko a fani.

"Waika izi ndani?" Sylvester anakuwa.

"Ndine," a Zelifa anayankha motsitsa mawu. "Dzulo tikuchokera kuchigayo ndinamva kukwecha m'menemo. Ndinati ndi makoswe, angadzatilumire khanda pobwerera."

Sylvester anakoka mpweya kuti alankhule, koma a Thomson anamupatsira sikuludiraiva.

"Gwirani apa, musasiye. Makoswe amalowadi, amayi, amandidyera mawaya sabata ndi sabata. Kungoti iyi ndi mphuno ya galimoto."

Anachotsa sanza ija, naika fyuzi yachitatu, yomaliza m'kabokosi kawo. Sylvester analiza galimoto. Kwa kanthawi sikunamveke kanthu. A Zelifa anatsinzina, napemphera chamumtima: Ambuye, musawalange awa chifukwa cha ine.

Kenaka fani inayamba kulira.

"Batire lizizire kaye pang'ono," anatero a Thomson. "Osathamanga ngati wakuba njinga!"

Sylvester anapisa m'thumba, koma a Thomson anali atamutsekera kale chitseko.

Njira yonse a Zelifa anakhala atapinda miyendo m'mwamba, kuopa kutchinga kabowo kaja. Pa geti la chipatala namwino anawaona akubwera, nathamanga ndi njinga ya odwala.